Matikiti a Chakudya

"Idyani zambiri, madzulo sindiphika!" Mayi Pyo ananong'oneza amuna awo ndi ana atatu pa ukwati wa mwana wa a Gu.

Ngongole ya nyumba itawafika m'khosi, mayiwa anatulukira nzeru. Pa ukwati uliwonse mumzinda wa Daegu ankapereka envelopu ya ndalama zokwana mawoni 50,000, ya munthu mmodzi, n'kulandira matikiti asanu a chakudya.

"Amake Ye-rin, anthu akutiyang'anatu," anadandaula a Pyo.

"Manyazi sabweza ngongole. Kaonjezereni nkhanu."

Patatha chaka, Ye-rin naye anapeza banja.

"Maenvelopu a lerowa atseka ngongole yonse," mayiwo anatero, ataima pakhomo la holo yodula.

Oyamba kufika anali a Gu. Anawerama mwaulemu n'kupereka envelopu yopyapyala.

"Matikiti angati, bambo?" anafunsa Mayi Pyo.

"Ochepa, mayi. Khumi ndi awiri."

Kumbuyo kwawo kunandanda a Bang, a Seok ndi a Min, omwenso Mayi Pyo anawadyera pa maukwati a ana awo, aliyense ndi kaenvelopu kamodzi, mtundu wonse uli pambuyo.

A Gu anatembenukira abale awo.

"Idyani zambiri, madzulo sitiphika!"