Mgolo wa Malemu Don Baldomero

Doña Eduvigis anampezerera mpongozi wawo Yasna pachitseko cha nyumba yosungiramo vinyo, kiyi ali m'loko, chigubu chili m'manja. Anali masana, nyengo yokolola mphesa. Anthu othyola anali pamthunzi, akudya nyemba ndi buledi.

"Ndakugwira lero, wakuba iwe!"

Mawuwo anamveka mpaka kumsewu wa ku Portezuelo. Masupuni onse anaima.

Awiriwatu sanayambe lero. Yasna ndi mwana wa Don Celso Venegas, mwini munda wa kuseri kwa mpanda, ndipo mabanja awiriwa sapatsana moni chilimbiranire mzere umodzi wa mphesa wa m'malire. Mzere umodzi, eti! Doña Eduvigis amauza aliyense kuti vinyo wa a Venegas ndi viniga, wongoyenera kutsukira mapoto. Ndiye tsiku limene mwana wawo Hernán anabwera ndi Yasna pakhomo, akuti mayiwo anagona osadya, n'kudzuka atatupa maso.

M'nyumba ya vinyomo muli mgolo umodzi wamatabwa umene sakhudza munthu wina. Muli vinyo wotsiriza amene amuna awo, malemu Don Baldomero, anafulula asanamwalire. Doña amatunga katambula kamodzi pakampopi tsiku lililonse, ndipo mlendo amene wawasangalatsa ndi yekhayo amene amalawako. Kukwera pamwamba kukasuzumira sangathe, maondo anakana kalekale. Koma kunyada kokha! Ati vinyoyo akumka nakoma chifukwa mwini wake akumuyang'anira ali kumwamba.

Kenaka anayamba kuona zinthu. Pansi pa mgolowo pamakhala ponyowa. Tsiku lina ali pawindo anaona Yasna akutuluka m'menemo ndi chigubu chija cholukiridwa ngati dengu, nthawi imene anthu onse amakhala akupuma. Osati kamodzi ayi. Anauza Hernán kuti mkazi wakoyu akututa vinyo wa bambo ako kupita naye kwawo, mpaka kumatayira pansi chifukwa cha phuma. Hernán anangoyang'ana nsapato zake. Mwamuna ameneyu ndi wotero, akamva mawu a mayi ake amauma pakamwa.

Ndiye m'mawa wa tsikulo Doña anatenga ufa wa tirigu n'kuuwaza pansi ponse, kuyambira pamgolo mpaka pakhomo, akuyenda chambuyo. Anakiya bwinobwino, nabwezera kiyi pamalo pake, n'kukakhala pawindo kudikira nyama yawo. Tulo tinawaba pang'ono. Podzidzimuka, uyo Yasna ali pachitseko. Maondo aja anachira nthawi yomweyo.

Anamulanda chigubucho ngati akuzula udzu.

"Mukuona kulemera kwake? Chodzaza tho!"

Anazula chotsekera n'kupapira pamaso pa anthu onse. Anatsinzina, natafuna vinyoyo m'kamwa pang'onopang'ono.

"Uyu ndi Baldomero wanga. Ngakhale mundimange kumaso, ndingamudziwe pakati pa migolo yonse ya m'chigwa muno. Kwa a Venegas kungatuluke chinthu chotere? Kumene kuja ngakhale ntchentche zimalavula."

Ena anaseka, ena anabisa nkhope m'zipewa. Mayi wina anaiwala buledi ali kukamwa. Yasna sanaseke. Anangopukuta manja pa epuloni, nkhope ili gwa.

"Amayi, tiyeni tikakambirane m'nyumba."

"Amayi ako ndani? Ine sindinabale mbava. Kalongedze! Lero lomwe udumphe mpanda ubwerere kwanu. Hernán! Iwe chitsiru, bwera udzaone zimene unandibweretsera."

Apa aliyense anadziwa kuti ukwati watha. Nyumba ndi ya Doña, munda ndi wa Doña, ndipo Hernán sanawatsutsepo mayi ake chibadwire. Atsikana ena anali atayamba kale kunong'onezana za amene angalowe m'malo mwa Yasna.

Hernán anatulukira m'mizere ya mphesa, mpeni wothyolera uli m'manja, zala zitada ndi madzi a mphesa. Anayang'ana chigubu, anayang'ana mkazi wake, kenaka nsapato zake zija.

"Amayi, chonde, musatsegule."

"Nditsegula! Aliyense aone mapazi a mwana wa Celso Venegas. Bwerani nonse, musaope, lero kuonera n'kwaulere."

Yasna anatembenukira mwamuna wake. "Ulankhula kapena ungokhala ngati mtengo wa mpanda?"

Hernán anangopatuka, kuwapatsa njira mayi ake.

Doña anapotokola kiyi uja n'kukankha chitseko ndi phewa. Anthu anaunjikana pambuyo pawo, ena akuimirira ndi zala zakumapazi kuti aone. Dzuwa linalowa mpaka pakati pa chipinda.

Ufa unali mbee, wosalala monga anausiyira m'mawa. Panalibe phazi ngakhale limodzi. Pansi pa mgolo pokha ndi pomwe panali banga lofiira, dontho likugwa kuchokera pa thabwa long'aluka.

Yasna anatenga chigubu chake m'manja mwa Doña, nachitseka.

"Ndimalowa, Amayi, sindimatuluka. Mgolo wanuwo ndi wobooka, vinyo wa amuna anu anathera pansi chaka chatha, ndipo mwana wanuyu ndiye anandigwadira kuti ndizithiramo musadziwe. Amene mwamutamayu ndi viniga wa bambo anga."