Tsiku Limene Mayi Herminia Anachira

"Bambo Ocampo, mwakhala kwanu ku Pereira zaka zinayi. Chilolezo chanu chokhazikika ku Canada chinatha mphamvu," anatero mkulu wa ku ofesi ya kazembe.

Wilmer Ocampo, mwamuna woti anaponda mayiko khumi osaopa munthu, anayamba kuchonderera. Akamukana apa, ana ake ku Toronto aziwaonera pafoni.

"Sindinabwerere chifukwa ndimadwazika mayi angawa, bwana. Ndikufuna ndipite nawo."

"Mayi Herminia, mumadwala chiyani?" anafunsa mkuluyo.

Wilmer anakumbukira mochedwa zomwe mayi ake anamva kutchalitchi, zoti Canada salandira nkhalamba zodwala.

Mayiwo anakankhira ndodo yawo kunsi kwa mpando n'kuimirira njo.

"Ine kudwala, mwanawe? Chibadwire sindinagonepo m'chipatala. Uyu amangokonda kukokomeza."

Mkulu uja anayamba kulemba mawu a mayiwo pa fomu ya Wilmer.