Khomo la Masamba a Mphesa

Nedson anali atafika pa chithunzi cha makumi anayi, ndipo tiyi wa alendo anali atazirala kale. Anatera dzulo lake pa Chileka kuchokera ku Spain, komwe kampani yake yopanga mabotolo inamutumiza kukaphunzira kwa mwezi wathunthu. Lero Lamulungu, atangoweruka kutchalitchi, analumikiza foni ku TV m'balaza mwake ku Zingwangwa. Ndege anakwera ulendo umodzi wokhawu, koma zinkaoneka kuti anthu aimva nkhaniyi mpaka Khirisimasi.

Zithunzi zambiri zinali za katauni kena kakale komwe anawatengera tsiku lachiwiri atafika. Munthu wina wachuma anakamanga zaka mazana atatu zapitazo kuti muzikhala antchito a m'mafakitale ake a magalasi ndi nsalu. Misewu yowongoka ngati analemba ndi rula. Nyumba za antchito pamzere, tchalitchi pakati, ndipo pamwamba pa makomo maluwa osema, mizere yopiringizika ndi timitu ta angelo.

Mlendo wofunika anali a Hawkins, kontilakitala wotchuka. Nedson anawaitana ndi cholinga. Ankafuna kuti iwo amalize nyumba yake ya ku Machinjiri, ndipo kuti zimenezo zitheke, anayenera kuchotsapo mmisiri amene anaiyamba kuchokera pa maziko. Mmisiriyo anali bambo ake omubereka, a Marko.

A Marko anakhala pafupi ndi chitseko, chipewa pabondo. Anavala jekete la kutchalitchi, koma simenti inali itakanirira m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya zala. Nedson ankachita nawo manyazi manja amenewo. Ankachitanso manyazi ndi mmene mkuluyo ankamwera tiyi mopsontha, pamaso pa munthu ngati a Hawkins.

"Mubwerekane supuni, pepani," anatero Ida, mkazi wake. "Awiri anapita kokayenda." Anayang'ana apongozi ake n'kumwetulira.

Nedson anangoti mumtima, nawonso masupuni ayamba kutenga? Ida sanamuyang'ane n'komwe. Anali asanamukhululukire. Chitumizireni zithunzi zitatu tsiku la ulendo wa kukatauni kaja, mwamunayo sanatsegulenso mauthenga a kunyumba. Ati kunalibe nthawi.

Anadina. Pa TV panabwera khomo lojambulidwa pafupi kwambiri. Masamba a mphesa ankakwera mbali zonse ziwiri n'kukakumana pamwamba, pomwe kamngelo kamasaya otupa kankasuzumira pansi. Nedson sanakumbukire kuti unali msewu uti. Makomo anali ambirimbiri, ndani akanawasunga onse m'mutu? Koma ili linaposa onse, ndipo anaona kuti mpata wake ndi womwewu.

"Ababa, tasenderani muone," anatero. "Iyi ndiye timati ntchito. Anthu opanda magetsi, opanda makina. Ife kuno zaka fote tikungosanja njerwa, khoma ngati la bafa."

"Izi kuno palibe angapange, bwana," anavomereza a Hawkins. "Olo ineyo, ndisaname. Zimafuna zikombole zochokera kunja."

"Ndiye mwamva. Ababa, mwakula. Ku Machinjiri kuja mupume kaye. A Hawkins ayamba mawa, kuti nyumba ioneke ngati ya munthu woti anayendako."

Anazinena msanga, maso ali pa TV. Mawuwo anawakonza ali m'ndege, ndipo m'ndegemo ankamveka bwino kuposa apa.

A Marko anadzuka pang'onopang'ono. Anayandikira TV mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Tsamba la kumanzereli lakhota," anatero.

A Hawkins anaseka, kenaka anatembenuza kusekako kukhala chifuwa. Nedson anaponya maso kwa mlendo wake. Munthu wosafika ngakhale ku Joni akupezera zifukwa amisiri a ku Ulaya, mlendo ali pomwepo!

"Ababa, chonde. Musatichititse manyazi."

"Ndamva, mwana wanga."

Mkuluyo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa makiyi omangidwa pa kawaya. Anawaika patebulo, pambali pa shuga, modekha ngati akuika dzira. Anathokoza Ida chifukwa cha tiyi, anatsanzikana ndi a Hawkins ndi manja awiri, n'kuvala chipewa. Anakana kuperekezedwa. Anati minibasi za ku Bangwe sizivuta Lamulungu.

Geti litalira, mtima wa Nedson unakhala pansi. Zinamuwawa ndithu, sakanakana, koma zinali zitatheka. Anatambasula dzanja kuti adine chithunzi chotsatira.

Ida anamulanda foni. Anaika zala ziwiri pakona ya m'munsi ya chithunzicho n'kuchikulitsa. Pa TV panaoneka thabwa, ndipo pathabwapo panali masupuni awiri opakika simenti.

"Ichi ndinakutumizirani ndine Lachinayi," anatero Ida. "Chinangolowa chokha m'zithunzi za m'foni mwanu. Ndi khomo lanu la ku Machinjiri. Bambo anu anaonera pa zithunzi zanu zitatu zija, n'kuliumba ndi masupuni anga milungu itatu, kuti mukabwera musamakusowe kwa azungu."