Nyimbo ya a Zakaria

"Ababa, mwamva za pa wailesi?" Leticia anafunsa akutula mtolo wa nkhuni. "Akuti ku Estonia, dziko lina la ku Ulaya, anthu apeza ufulu poimba nyimbo. Oimba awo ndiwo anali patsogolo."

A Zakaria, bambo ake, anangopitiriza kusoka thumba la chimanga. Kwawo ku Mozambiki anali katswiri wopeka nyimbo, ndipo ina mwa nyimbozo ndiyo inkalimbitsa mtima anyamata omenyana ndi Apwitikizi. Koma chithawireni nkhondo yapachiweniweni n'kudzakhala ku Chowe, kutsidya lino la malire, anali asanaimbepo.

"Pekaninso ina, ababa," Leticia anachonderera. "Mwina anthu n'kumva, nkhondo n'kutha, ife n'kubwerera kwathu."

"Tsiku limene anapha amayi ako, iwe unali kusukulu ku Lichinga," anatero mkuluyo, osadzutsa mutu. "Ine ndinabisala m'mapira, zonse ndikumva. Anyamata amene anawaphawo ankatentha nyumba akuimba."

Leticia anakhala pansi. "Ankaimba chiyani?"

"Nyimbo yanga ija ya ufulu. Sanaphonye ngakhale liwu limodzi, mwananga. Ndinawaphunzitsa bwino."