Dzina Lathu pa Benchi ya Jobson

Enifa ankayala repu pa benchi yake pamene mayi wina wa lesitilanti, kasitomala wake wakale, anamudutsa osaima.

"Lero simutigula, mayi?"

"Ndagula kale zanu zomwezi uko kwa a Jobson. Kumene kuja mwatsitsako mtengo."

Enifa anasuzumira m'basiketi mwa mayiyo. Munali tomato m'majumbo oyera. Pa jumbo iliyonse panali sitika yobiriwira: tsamba la mpiru, dontho la madzi, ndi mawu akuti MAME A M'MAWA. Dzinalo linali lake. Tomatoyo sanali wake. Anali wong'aluka, wina atayamba kale kuchucha.

Linali tsiku la msika ku Kamwendo, dzuwa lisanakwere.

Dzina limeneli sanalitole panjira. Iye ndi mnzake Dyna anabwera ku Mchinji kuchokera ku Phalombe, amuna awo ali matenanti pa esiteti ya fodya. Atatopa ndi kusoka fodya wa eni, awiriwo anapeza dimba ku Mlonyeni. Zaka zisanu ndi ziwiri akhala akuthirira ndi makheni, mapazi akung'ambika ndi matope. Pamsika aliyense anali ndi tomato, ndipo milu yonse inkafanana. Enifa ndiye anati ndiwo zawo zikhale ndi dzina, kuti wogula akakoma nazo adziwe kobwerera. Tsamba lija analijambula yekha pachikuto cha kope. Lamulo anaikanso yekha: chothyoledwa dzulo sichilowa m'jumbo.

Zinayenda. Malo ogona alendo a pa Boma anayamba kuitanitsa potchula dzina. Oyendetsa mathiraki opita ku Chipata ankaima n'kufunsa za "amayi a Mame aja". Dyna, poti anafika Fomu 2, ndiye ankasunga mapepala, ndipo chaka chatha anakwera basi kukalembetsa dzinalo kuboma kuti wina asadzalibe.

Ndiye lero labedwa.

Wakubayo Enifa sanachite kumufunafuna. Masitika awo ankasindikiza ndi Enoki, amene ali ndi kashopu ka makompyuta pa Boma. Enoki ndi mlamu wake wa Jobson. Ndipo Jobson, venda wa kagalimoto kofiira amene sanagwirepo khasu, anali atabwera kawiri kudimba kudzapempha kuti alowe nawo m'bizinesiyo. Kawiri konse Enifa anamubweza.

"Enoki watigulitsa," anatero Enifa akumanga chitenje. "Munthu woti timamupatsa kabichi waulere! Tiyeni, a Dyna."

Dyna ankawaza madzi pa mpiru. Sanadzutse mutu.

"Zisiyeni, anzanga. Tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba? Anthu akamadya zoolazi akutukwana ndani? Si ife?"

Enifa ankamudziwa mnzakeyo. Dyna ankaopa mikangano chiyambire, ngakhale pa esiteti paja kapitawo akakalipa, woyankha ankakhala Enifa. Anamugwira dzanja n'kumukoka. Anadutsa ogulitsa kaunjika, anadutsa pa siteji ya akabaza, mpaka kumapeto kwa msika kumene kunaima kagalimoto kofiira.

Benchi ya Jobson inali yaitali kuposa yawo. Majumbo anali mbwee, onse a sitika yobiriwira. Pamwamba panapachikidwa chinsalu chachikulu cholembedwa dzina lomwelo, tsamba la mpiru litakula ngati chitseko. Enifa anatola jumbo imodzi, anaing'amba, n'kukhuthulira tomatoyo pansi.

"Onani, anthuni! Awa ndi mame a m'mawa amenewa? Bambo inu, manyazi mulibe?"

Anthu anayamba kuunjikana. Akabaza anasiya njinga zawo. Jobson anapukuta manja pa thalauza, osaoneka kudabwa ngakhale pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Musandipatse moni! Mlamu wanu wakupatsani masitika athu. Lero lomwe ndikupita naye kupolisi, inu muli pambuyo."

"Enoki?" Jobson anaseka pang'ono. "Ameneyo musamunamizire. Ndinapitadi, anandithamangitsa. Akuti sangasindikize popanda mawu anu. Mpaka pano sitikulankhulana. Awa ndinakasindikizitsa ku Lilongwe."

Enifa anayang'ananso masitika aja. Kenako mkwiyo unabweranso.

"Kaya Lilongwe kaya kuti, dzinali ndi lolembetsa. Chikalata tili nacho. A Dyna, auzeni."

Dyna ankayang'ana tomato amene anamwazika m'fumbi uja.

"Auzenitu! Mukuopa chiyani? Ndili pano ine."

Jobson anatsegula chitseko cha galimoto n'kutulutsa pepala lokutidwa m'pulasitiki, la chidindo chofiira pansi.

"Mukunena zoona, mayi. Ndi lolembetsa. Lili ndi eni ake awiri, ndipo boma likuwadziwa. N'chifukwa chake ndimati ndibwere madzulo ano ndidzakupempheni mwaulemu kuti muchotse masitika pa katundu wanu."

"Awiri, inde! Ine ndi mnzangayu!"

Anamulanda pepalalo. Sukulu Enifa analekezera Sitandade 5, Chingerezi chinkamudutsa, koma mayina a anthu ankawerenga bwinobwino. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pa chidindo. Anabwerezanso. Dzina lake panalibe.

Loyamba linali la Jobson. Lachiwiri linali la Dyna, ndipo deti ya pa chikalatacho inali ya chaka chatha.

Enifa anatembenuka. Dyna anali atazungulira kale kuseri kwa benchi ya Jobson, akumangira kasitomala tomato.