Kasokosi M'paipi ya Rediyeta

Panali munthu wina wolemba zikwangwani, amene anzake ankangomutcha a Penti. Anali wofatsa, koma wolota masana. Akuti izi zinachitikadi.

Atadikira zaka zisanu ndi chimodzi, mkazi wake anabereka mwana wamkazi kuchipatala. A Penti anamulonjeza kuti, "Mwana wathu sakwera basi. Ndidzakutengani ndekha pa galimoto yathu."

Galimotoyo inali yakale, ndipo pampu yake ya madzi inkadontha. Kutatsala tsiku limodzi kuti akawatenge kuchipatala, a Penti anatsegula boneti pabwalo la nyumba. Anakhetsera madzi m'beseni, anamasula mapaipi, anachotsa fani ndi lamba wake, anazula rediyeta, kenako pampu.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala bambo wina wachikulire, dalaivala wopuma ntchito. Anabwera ndi mbale yakale yoti a Penti aziikamo mabawuti.

"A Penti, m'mapaipi otsegukawo musaikemo kanthu," anatero. "Avindikireni kunja ndi pepala la pulasitiki, mumange ndi mphira. Ndipo mukamaliza muilize nthawi yaitali pompano, tione ngati madzi akuzungulira."

"Ndamva, madala."

Koma anangomva ndi khutu limodzi. M'thumba la malaya anali ndi timasokosi tiwiri tachikasu timene anagulira mwana, ndipo ankangotitulutsa n'kumatiyang'ana. A Dalaivala atangochoka, kunawomba mphepo yafumbi. Pepala linali kutali, kasokosi kanali m'manja. Anakakankhira m'paipi yaikulu ya rediyeta, ndipo kanakwana ndendende.

Anaseka yekha. "Mwana wanga wayamba kale kundithandiza ntchito. Ndidzakachotsa n'kukachapa ndikamaliza."

Anamanga pampu yatsopano bwinobwino. Pobwezeretsa rediyeta, manja ankagwira sipanala koma mutu unali kwina. Ankamuona mwanayo ali pampando wakumbuyo, akuwerenga mokweza zikwangwani za bambo ake m'mbali mwa msewu. Ankamuona atavala yunifolomu, penti ili pamphuno. Ankamuona atakula, akuyendetsa yekha galimotoyo, iye atakhala pambali, imvi zili mbuu. Analumikiza paipi ija, anaimanga zolimba, nathira madzi.

"Tailizani tsopano!" anafuula a Dalaivala kumpanda.

A Penti anailiza mphindi imodzi n'kuzimitsa. "Ikuimba ngati kwaya, madala. Ndithamange, sindinapente kabedi ka mwana."

Kutacha kunali kozizira ndipo njira yopita kuchipatala inali yotsetsereka, choncho anafika bwino. Pobwerera dzuwa linali litakwera. Kumbuyo kunakhala mkazi wake ndi apongozi ake, khanda lili pakati. Maso a a Penti anali pagalasi loonera kumbuyo, pa kachipewa koyera ndi kadzanja kofumbata. Kamuvi kosonyeza kutentha kanakwera mpaka pofiira, iye osakaona.

"Bambo a mwana," anatero apongozi, "mukununkha ngati ketulo youma muno."

"Ndi fungo la pampu yatsopano, amayi."

Pamtunda galimoto inatsokomola, nthunzi inafuka kuboneti, injini n'kuzima. A Penti anatuluka, natambasula dzanja kuti atsegule chivindikiro cha rediyeta. Apongozi, amene anali atatsika kale, analimenya dzanjalo.

"Mukufuna mwana akudziweni muli opanda nkhope?"

Anaima m'mbali mwa msewu, khanda likulira. Magalimoto ambiri anadutsa. Kenako mayi wina wogulitsa mazira anaimitsa kagalimoto kake. Malo analipo a anthu awiri okha, choncho anakwera mkazi wa a Penti ndi apongozi, khanda lili m'manja. Mayiyo anavula juzi yake n'kuiyala pampando, ndipo anazimitsa wailesi kuti mwana agone.

"Musadandaule, achimwene," anatero. "Ine ndimanyamula mazira. Mabampu ndimawadziwa onse."

A Penti anatsala ndi galimoto, akuyang'ana mwana wake akupita kwawo ndi munthu wosamudziwa.

Masana a Dalaivala, atamva nkhaniyi kwa apongozi, anafika ndi mnzawo wa lole ndi chingwe. Injini itazizira, anamasula paipi yaikulu, anapisamo waya, natulutsa kanthu kakuda konyowa, kothinana ngati chitsekerero cha botolo. Anakatambasula pachikhatho. Kanali ndi kachidendene.

A Penti anadikira kunyozedwa. Koma mkuluyo anangokakulunga m'pepala, nakaika m'thumba la malaya a mnzakeyo.

"Tiyeni kunyumba. Akukudikirani."

Anafika dzuwa litapendeka, galimoto ili pachingwe. A Penti anapeza mkazi wake ali pakhonde, mwana ali pamiyendo, zikwama zili panja.

"Bwanji simunalowe? Kiyi munali naye."

"Ndalankhula mpaka kukhosi kwauma," anatero apongozi. "Wakana."

Mkaziyo anamwetulira motopa. "Kasambeni m'manja, bambo ake. Mumulowetse ndinu."

A Penti anasamba katatu, misozi ikugwera m'beseni, ndipo anamunyamula mwanayo kulowa naye m'nyumba.

Koma galimoto sinachire. Makaniko anati madzi sankazungulira, injini inapsa ndipo mutu wake unapindika. Inakhala pamiyala kuseri kwa nyumba mpaka udzu unamera m'mawilo. Mwana uja anakula, anapita kusukulu, anaphunzira kuwerenga zikwangwani ali pawindo la basi. Galimoto ya bambo ake anaikwerapo makilomita anayi okha.

Phunziro: Mukamasula rediyeta, pampu kapena mapaipi, musatseke bowo ndi kanthu kolowa m'kati, ndipo mukabwezeretsa zonse ilizeni injini nthawi yokwanira musananyamule anthu amene mumawakonda. Wodziwa ntchito akakulangizani, imani kaye mumvetsere, ngakhale mtima wanu uli pa chimwemwe. Chonde tumizirani nkhaniyi aliyense amene amakonza yekha galimoto pakhomo, makamaka abambo amene akudikira mwana.