Khadi la kusikelo

Asilikali atayamba kusaka apayoniya mu 1993, abambo anathawa, ndipo amayi anakandibisa kwa azakhali ku Biwi. Masana sindinkaloledwa ngakhale kusuzumira pazenera. Ndinkatuluka kukada basi.

Tsiku lina kutangoda, azakhali anandituma makala m'kachipinda ka kuseri. Ndinatenga koloboyi. Pansi pa thumba ndinapeza chitini, m'kati mwake muli khadi la kusikelo. Dzina linali langa, Jacinta Medson. Tsiku lobadwa linali langa lomwe. Koma mzere wa makilo unathera pa miyezi isanu ndi inayi, ndipo pamenepo wina anajambulapo mtanda.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Kuseri kwa matumba ndinamva munthu akupuma. Ndinagwira mpweya. Kupumako sikunaleke.

"Jacinta!" anaitana azakhali ali kukhitchini.

Ndisanatsegule pakamwa, mawu a mtsikana wamsinkhu wanga anayankha mumdimamo.

"Ndili pano, azakhali."

Kenako azakhali anayankhula motsitsa mawu, ngati munthu wozolowera.

"Gona iwe, mwanangu. Ndikuitana winayo."